Tambala wa Eni Nyumba

Mwana wanga Doreen anasolola kiyi pansi pa mwala n'kutsegula nyumba imene anabwereka kunyanja. Ine ndinatsala pakhonde, tambala ali m'khwapa. Ndinamunyamula kuchokera ku Nsaru, pakuti pakhomo pa eni safikapo chimanjamanja.

"Odi!" Anandiyankha ndi mafunde.

Ndinasuzumira. Munali mapoto, mbale, mipeni, koma munthu ayi.

"Kodi eni ake ali kuti? Tambalayu ndimpatse yani?"

"Sabwera, amayi. Muno timadziphikira tokha. Masiku atatuwa nyumbayi ndi yanu."

"Yanga, eti?"

Ndinalowa, n'kuyesa mpeni umodzi ndi chala. Unali wakuthwa. Tambala anaphethira.

"Ndiye mlendo ndiwe. Khala pansi. Pakhomo panga mlendo sadyera masamba."