Mphemvu Imene Inauluka Kamodzi

Padangokhala, tili tonse apa. Bambo Nyirongo ankaweta mphemvu m'bokosi lagalasi lopanda chivundikiro. Ankangopaka mafuta m'mphepete mwake kuti zokwera ziziterereka, n'kumauza alendo kuti, "Zangazi siziuluka."

M'bokosimo munali Kamphepo, wamapiko aatali, ndi Chidyamakoko, wopanda mapiko. Kamphepo ankabisa luso lake, kudikira tsiku limene zenera lidzasiyidwe lotsegula kuti athawe.

Tsikulo litafika, Chidyamakoko anamuseka. "Achimwene, mapiko anuwo ndi jekete chabe. Abwana anena kale kuti simuuluka."

Kamphepo anapsa mtima. Anatambasula mapiko, phururu! Anazungulira babu lamagetsi, n'kudutsa pafupi ndi zenera lotsegula lija, koma anabwerera m'bokosi kuti aone nkhope ya mnzakeyo.

"Waona?" anafunsa ali wefuwefu.

"Ndaona," anatero Chidyamakoko. "Nawonso aona."

Bambo Nyirongo anali chiimire pakhomo, nthochi ili m'manja. Dzuwa lisanalowe, anavundikira bokosilo ndi sefa.

Mapiko aja Kamphepo akadali nawo mpaka lero. Mwayi wouluka unali umodzi wokha, ndipo anauthera potsutsa mnzake. Yanga yathera pompa.