Makapisozi amene anadya mimba ya a Fransisko

Panali munthu wina kwa Kaphuka, dzina lake a Fransisko, mlimi wa mbatata ya kachewere. Inali nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Chisanu cha mu Juni chikafika, maondo awo ankaphwanya moti ankadzuka mochita kugwira khoma.

Akazi awo, a Salome, anawakakamiza kupita kuchipatala cha mishoni. Namwino anawapatsa mapiritsi ochepa n'kuwalangiza kuti azimwa atadya, asaphatikize ndi kachasu, ndipo akatha abwerenso. A Fransisko anabwerako akung'ung'udza kuti ulendo wonsewo angokalandira timapiritsi ta ana.

Tsiku la msika anakumana ndi mwamuna wina wachilendo, wovala jekete ndi baji ya chipani, akugulitsa makapisozi a indosidi m'chitini.

"Awa ndi amene amamwa mabwana ku Lilongwe, achimwene," anatero mwamunayo. "Muzimwa m'mamawa musanalawe kanthu kuti agwire bwino."

Maondo anapoladi. A Fransisko ankameza awiri ndi madzi ozizira n'kulawirira kumunda, madzulo n'kuwonjezera ena. Posakhalitsa chakudya chinayamba kuwakhala pamtima ngati mwala. Akangodya pang'ono mimba inkafufuma, chilungulira n'kumawawotcha mpaka kukhosi. Iwo ankauza abale awo kuti a Salome ayamba kuphika zosadziwika.

A Salome anaona amuna awo akutuwa, mtima unawawawa.

"Bambo a Rute, mankhwalawa akukudyani m'kati. Tiyeni tibwerere kwa namwino uja."

"Inu ndi namwino wanuyo, ndani wandilimirapo mzere?"

Mimba ikawapweteka ankamezanso makapisozi omwewo, poti wogulitsa uja anati amapha ululu uliwonse. Chimbudzi chinayamba kuda ngati makala, koma anachita manyazi kuuza munthu.

Tsiku lina akukumba mbatata anagwada pakati pa mizere n'kusanza magazi. Anawanyamula pa ngolo, a Salome atawatsamiritsa mutu pamiyendo. Kuchipatala anapeza kuti chilonda cha m'mimba chabooka, ndipo adokotala anati abwera nawo mochedwa. A Fransisko anamwalira tsiku lomwelo.

Pamaliro alongo awo a malemu anakana kumva za mankhwala. Anati mlongo wawo ankadandaula kalekale za chakudya cha pakhomopo, ndiye kuti a Salome anachita kumuthirira chiphe. A Salome anatulutsa makapisozi otsala, koma palibe amene anawayang'ana. Za mwamuna wa baji uja anthu ankaopa n'kuzitchula komwe.

Kuyambira pamenepo, a Salome akagwira mthiko pamaliro kapena paukwati, amayi anzawo ankawalanda mwaulemu n'kuwauza kuti akapume. Anakalamba akungotumidwa kotunga madzi.

Phunziro: Mankhwala opha ululu wa m'mafupa ngati indosidi ndi asipirini amatha kukokota mimba mpaka kuiboola, makamaka mukamamwa ndi njala, mopyola muyezo kapena pamodzi ndi mowa. Musagule mankhwala kwa munthu wongodutsa. Mukaona chimbudzi chakuda kapena mimba ikuwotcha, siyani ndipo thamangirani kuchipatala. Makani anu amavutitsa ndi otsala omwe. Tumizirani achibale nkhaniyi, mwina wina ali nawo makapisoziwa m'thumba lero.