Kachidutswa Kodzidula Kokha

"Bodza limenelo!" anatero a Sungani, lole ya matola ikuyandikira chipata cha m'malire cha Mwanza.

Deliwe, mwana wa mchemwali wawo wophunzira sayansi kuyunivesite, sanagonje. "Zoona, amalume. M'mabakiteriya muli kachidutswa kena kamene kamalowerera pakati pa malangizo a chibadwa. Malangizowo akati awerengedwe, kamadzidula kokha, n'kulumikiza mbali zotsalazo ngati panalibe kanthu."

"Iwe, kanthu kopanda mutu kangadziwe bwanji nthawi yochoka? Mukungotha nsapato kusukuluko."

Atatero anagogoda denga, dalaivala n'kuima. A Sungani anatsika msangamsanga, n'kusenza thumba lawo la shuga lopanda mapepala, maso ali pa kanjira ka kutchire.

"Sendera pamalo pangapo, Deliwe, pasaoneke mpata. Mukandipeza ku Zobue, kutsidya kwa chipata."