Theka la Piritsi

Masiku ano mankhwala sagawana. Aliyense amamupangira akeake olingana ndi magazi ake, ndipo mwini akamwalira, otsala amabwezedwa kuchipatala.

A Nachisale sanabweze. Botolo la malemu amuna awo linkangokhala pawindo, pambali pa buku la nyimbo. Chifuwa chitawagwira, mwana wawo Lonjezo, yemwe ankaphunzira kapangidwe ka mankhwala, anawapeza akulitsekula.

"Amayi, amenewo si anu," anatero Lonjezo. "M'piritsimo muli tinthu tosaoneka ndi maso, timene timakalowa m'timalo take m'thupi, ngati khasu mumpini wake. Awa anapangira ababa. Mwa inu akasowa pogwira, mwinanso akakupwetekani."

"Kale bambo ako ankabenthula piritsi pakati, theka iwo, theka ine, mutu n'kutisiya tonse," anayankha mayiwo. "Kodi Buku silinena kuti awiriwo adzakhala thupi limodzi? Makina anuwo sanawerengepo?"

Lonjezo anafuna kuseka, koma misozi inamufulumirira. "Buku silinama, amayi. Koma ine ndaika kale m'manda kholo limodzi. Tiyeni akakuyezeni magazi, akupangireni anu."

A Nachisale anayang'anitsitsa mpando umene bambowo ankakhalapo akamayambitsa nyimbo yamadzulo. Kenaka anatulutsa piritsi limodzi, nalibenthula ndi chikhadabo. Theka analibwezera m'botolo, linalo analimanga pansonga ya chitenje.

"Tiye, tikabweze," anatero, akumupatsira botolo. "Ili sindimwa, mwanawe, usaope. Ndi gawo langa chabe. Bambo ako sankandimana."