Timalemba ta M'munsi mwa Tsamba

Mayi telala anali pamakina pomwe mwamuna wake anatsitsa Baibulo latsopano pansalu imene ankasoka, chala chili pa timalemba ta m'munsi.

"Tawerengani apa. Akuti nkhani ya mkazi uja ankafuna kumuponya miyala mulibe m'mipukutu yakalekale. Wina anachita kusokererapo."

Makina anaima. Inali nkhani yomwe abusa anawawerengera chaka chatha, tsiku limene bamboyu anakhululukira mayiyo atagwidwa chigololo, n'kumulola kubwerera m'nyumba.

"Mwina anaichotsamo ndi amuna ansanje," anatero mayiyo.

"Kapena anaiwonjezera ndi munthu wogwidwa."

Mayiyo anayang'anitsitsa bukulo. Masamba onse anali mbee, koma ili lokha linali litathimbirira kale ndi zala.

"Bambo a mwana, kani mwala uja munangoubisa m'thumba?"