Pemphero Lalitali la a Hedi

A Hedi atangoti "Tiyeni titsinzine," Madamu a Baibulo anasolola foni m'thumba la siketi n'kuiika pamiyendo, kunsi kwa tebulo. Aphunzitsi onse m'chipindamo anaweramitsa mitu. Iwonso anaweramitsa, koma maso ali pafoni, chala chikuthamanga.

Musawaweruze msanga. Munthu wophunzitsa pasukulu ya mpingo alibe nthawi yakeyake. M'mawa ana, pabuleki makope, masana kwaya, Loweruka msonkhano wa amayi, Lamulungu Sande sukulu. Kunyumba nako, bambo a ana sadziwa ngakhale pomwe pamakhala machesi. Nanga bulogu yawo ya pa intaneti, ya mutu woti "Mapemphero a Mphunzitsi Wotopa", akanailemba nthawi yanji? Dzina sankaikapo. Ankangodandaulira Mulungu za fumbi la choko, makolo olusa, ndi ana olemba ngati papalasa nkhuku. Anthu ankawerenga ndithu, ena n'kumayankha kuti "Ameni, mwatilankhulira."

Mpata wokhawo unali wa mapemphero a m'mawa. Mwamwayi, teremu imeneyi a Hedi anali atayamba kupemphera motalika koopsa. Kale ankangoti mutidalitse, mutiteteze, ameni, tiyi asanazizire. Koma tsopano akaimirira kumutu kwa tebulo, n'kuvala magalasi, n'kutsegula chibaibulo chawo chachikulu chija, basi piriyodi yoyamba muiiwale. Madamu sankadandaula. Pemphero likatalika, iwo ankalemba zambiri, ndipo akangomva "Ameni" ankadina potumizira. Zimene a Hedi ankauza Mulungu sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Zinali za eni ake awiriwo.

"Bambowa adzozedwa masiku ano," a Masamu anawanong'oneza tsiku lina akupukuta misozi. "Akupemphera ngati munthu woti anagwirapo choko."

"Zoonadi," anayankha Madamu, osadziwa n'komwe chimene akuvomera.

Vuto linali lamulo. Wopezeka ndi foni nthawi ya mapemphero, ntchito yathera pomwepo. A Sayansi akale anapita nalo lamulo limeneli, atagwidwa akuona zigoli za mpira anzawo akulapa machimo. Madamu ankadziwa bwino lomwe, ndipo ntchitoyi ndi imene inkadyetsa ana awo. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma dzulo zinthu zinasokonekera. Pemphero lili pakati, paipi inaphulika kuchimbudzi cha anyamata, mlonda n'kulowa akukuwa. A Hedi anadula ndi ameni wachangu, Madamu nawo mwachizolowezi anadina potumizira, chiganizo chili m'malere. Tsiku lonse mpata wokonza sunapezeke. Ndiye lero anali patsamba lomwelo, kumalizitsa zimene anasiyira panjira.

Ali mkati molemba, anazindikira kuti m'chipinda mwati zii. Osati zii wa Mzimu Woyera ayi, koma wa galimoto imene yathera mafuta pachitunda. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. A Hedi anali chiimire, kukamwa kuli yasa, maso akuyendayenda. Masowo anafika pa Madamu, n'kutsikira pa kakuwala ka pamiyendo pawo.

"Ameni," anatero a Hedi mouma. "Nonse kumakalasi. Madamu a Baibulo, tsalani."

Fote inali itakwana. Aphunzitsi anatuluka mwakachetechete, a Masamu akupukusa mutu. A Hedi anatseka chitseko n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno."

Madamu anapereka foni ija. Mantha anawagwira osati masewera. Anaganiza za ana awo. Anaganiza za apongozi, amene ankadzitama paliponse kuti m'banja mwawo muli mphunzitsi wa Mawu a Mulungu. Anaganizanso za pakamwa pa amayi a kumpingo.

"Bwana, ndi satana uyu," anayamba choncho. "Inenso sindikudziwa kuti zayenda bwanji."

A Hedi anayang'ana pafoni ija. Anakonza magalasi n'kuyamba kuwerenga, milomo ikugwedera. Anatsika mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Thukuta linayamba kuyenderera padazi.

"Mumalemba ndinu zimenezi?"

"Ndine, bwana. Koma ndasiya lero lomwe, ndikulumbira. Ndipatseni ndifufute zonse pamaso panu pompano. Chonde ntchito yokhayi, ana anga akadali aang'ono."

"Mufufute?" anakuwa a Hedi. "Mwapenga kapena?"

Anatembenuza chibaibulo chija. Pakati pa Masalimo panali foni ya a Hedi, ili patsamba lomwelo, pa pemphero lothera m'malere: "Ndipo Ambuye, mukaona kuti ife aphunzitsi ta..."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa Mulungu, mayi inu. Malizitsani msanga, mawa kubwera abusa. Ndipo muzifupikitsako, miyendo imandiwawa ine."