Mmbulu Wotsala

Kunja kutacha, tinamuzungulira Bertulis ndi mikondo kuseri kwa khola la nkhosa, asanamalize kusanduka munthu. Zikhadabo zinali zikubwerera m'zala. Pambali pake, pa chipale chofewa, panagona mmbulu wina wong'ambika khosi.

"Uyu ndi Tenis, mng'ono wanga," anatero akulavula ubweya. "Amadzagwira ana anu. Ndamupha chifukwa cha inu."

"Nanga iweyo ikadzakupweteka njala, adzakuphe ndani?" anafunsa wosula zitsulo wa m'mudzi mwathu.

Bertulis anayang'ana mkazi wake. "Ilze, tawauza anthuwa. Kodi ndinakulumapo?"

"Simunandilumepo," anayankha Ilze. "Koma mwezi ukawala, ine ndi ana sitigona."

Ilze anavula chikhoto chake n'kufunditsa mwamuna wakeyo kuti asafe ali maliseche. Kenako anapatuka, kutipatsa malo.